Dzanja la Benvinda

Recife, 1864.
Chipinda cha Honório Teles chili pamwamba pa sitolo ya nsapato.
Denga lake ndi lagalasi,
poti mmisiri weniweni pano ndi dzuwa,
iye amangolitsegulira khomo.
Pansi mumsewu ngolo za shuga zikulira matayala
kutsetserekera kudoko.

Abwera nalo khanda la miyezi isanu ndi iwiri,
Leopoldo, mwana wa mwini minda ya nzimbe,
atalibveka zoyera mbee mpaka kumapazi.
Koma bokosi la miyendo itatulo silifuna zoyendayenda.
Limafuna munthu aume gwa,
awerenge mpaka makumi awiri osaphethira.
Akuluakulu amawachirikiza khosi ndi chitsulo kumbuyo.
Nanga khanda ungalichirikize ndi chitsulo?

"Itanani mlezi uja."

Benvinda akhala pampando, khanda pamiyendo.
Lamudziwa fungo, latonthola.
"Iyeyo asaonekemo," atero mayi wa mwana
uku akudzikupiza.
Honório akoka nsalu yamaluwa ya pawindo
namufunditsa kuyambira kumutu.
Tsopano wasanduka mpando.
Mpando wopuma, wotuluka thukuta,
wong'ung'udza kanyimbo chapansipansi
kuti mwana wa eni asagwedeze mutu,
pamene wake, amene anamuchotsa pabere mwezi wa Malichi,
akumwetsedwa madzi a chinangwa kuseri kwa mphero.

Chivundikiro chichoka padiso la bokosi.
Modzi, wiri, tatu.
M'kati mwa nsalu muli mdima wofiirira ndi fumbi.
Mphuno ikuyabwa.
Sayetsemula.

Madzulo m'kachipinda kamdima
Honório, zala zake zitada bii ndi mankhwala a siliva,
apendeketsa galasi m'mbale
ndipo khanda lituluka pang'onopang'ono ngati m'nkhungu.
Atsuka zithunzi khumi ndi ziwiri.
Zina zikwera sitima ya pamadzi kupita ku Lisbon
kumene azakhali azipatsirana pakhonde:
taonani kufatsa kwake, wakhala yekha ngati wamkulu!
Masiku amenewo ankati chithunzi sichinama
chifukwa wajambula ndi dzuwa.
Zoona, dzuwa silinama.
Limangoona chokhacho chimene sanachifunditse.

Nzimbe zadulidwa kambirimbiri kuyambira pamenepo.
Leopoldo anakula, anamera ndevu, anamwalira ndi ngongole.
Sitolo ya nsapato ija lero amagulitsamo mafoni.

Lachiwiri m'mawa, m'nyumba yosungira zakale,
Jussara Nascimento wavala magolovesi a thonje.
Bokosi la nambala makumi anayi, khadi lachikasu:
"Mwana pampando."
Aika chithunzi pa makina, achikulitsa,
achikulitsanso,
mpaka ulusi wa malaya ukhala ngati zingwe za ngalawa.
Ndipo apo, m'chiuno mwa khanda, pansi pa mfundo ya riboni,
zala zinayi.
Chala chachikulu chabisala m'khwinya la nsalu.
Chikhadabo chimodzi n'chothyoka.
Kuseri kwa dzanja kuli chipsera cha simbi yamakala.

Jussara avula magalasi ake.
Khofi wazizira pambali.
Kunja pa mlatho alendo akudzijambula okha,
mikono m'mwamba, mano poyera,
kakhumi, kamakumi awiri, kufufuta zosakoma,
palibe wowerenga mpaka tatu.

Atenga pensulo, adula mzere pa mawu akale,
alemba pansi pake:
"Mkazi wosadziwika dzina, atanyamula mwana."

Dzina loti Benvinda ndamupatsa ndine,
ndisakunamizeni.
Palibe buku limene linalisunga,
ngakhale mtengo wa nsaluyo unalembedwa.
Ndili nacho chomwe Jussara ali nacho:
zala zinayi, chipsera,
ndi malo amodzi chakumtunda, pakati pa maluwa a nsalu,
pamene chithunzi sichinagwire bwino,
pachita chimbuuzi pang'ono.
Honório ayenera kuti anatukwana poona pamenepo.
Mpomwe panali pakamwa pake.
Ankapuma.